Bwana wa zilombo ndi ngwazi zopanda keyala

Usiku wina m'nyengo ya mayeso mnzanga wojambula zithunzi ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, n'kulemba pansi pake kuti, "Aise, bwana wako uyu." Pachithunzipo panali mzungu wa minofu yake, chifuwa chili pamtunda, atavala kathewera ndi chisoti cha mawanga a kambuku. Dzina lake B'wana Beast. Ndinaseka mpaka mnzanga wa m'chipinda anadzuka n'kundifunsa ngati mabuku andizunguza mutu. Ndinkayesa kuti ndi zopeka za pa intaneti, zija anthu amapanga kuti tiseke. Nditafufuza ndinapeza kuti munthuyo alipodi m'mabuku a kampani ya DC, yomwe ija ya Superman ndi Batman. Anatuluka koyamba mu 1967 m'komiki yotchedwa Showcase, wolemba wake anali Bob Haney, wojambula Mike Sekowsky.

Nkhani yake ndi yotere. Mnyamata wa ku America dzina lake Mike Maxwell achita ngozi ya ndege pa phiri la Kilimanjaro. M'phanga lina amwa madzi amankhwala, apeza mphamvu, alandira chisoti kuchokera kwa chinyani chachikulu chofiira, ndipo kuyambira pamenepo zilombo zonse za mu Africa zimamumvera. Angathenso kutenga nyama ziwiri n'kuziphatikiza kukhala chilombo chimodzi. Ali ndi mnzake wakuda, mwana wa mfumu, wophunzira bwino ndithu, koma chisoticho sichinapite kwa iyeyo. Chinadikira mlendo wogwa ndi ndege.

Kuseka kwanga kunatha pamene ndinaonetsetsa chakacho. Mu 1967 Tanganyika inali itadzilamulira kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ife kuno zaka zitatu. Mbendera zinali zitatsika kale, koma ku New York wina anakhala pa desiki n'kuona kuti ngwazi yoyenera Africa ndi mzungu wotchedwa bwana. Liwu limeneli ndi lathu, ngakhale tinalibwereka ku Chiswahili. Timaitanira nalo kondakitala tikafuna chenje, wapolisi wa pamsewu tikafuna chifundo, mphunzitsi tikachedwa kupereka ntchito. Koma agogo anga aamuna, amene anagwirapo ntchito ku esiteti nthawi ya atsamunda, ankalitchula mwa mtundu wina. Akamasimba za masiku amenewo n'kufika pa liwuli, dzanja lawo linkapita lokha kumutu ngati akuvula chipewa. Wolemba komiki uja analitola ngati mkanda wokongoletsera, n'kuikamo ndi kachizindikiro pakati kuti lioneke lachilendo kwambiri.

Ndiyambe ndavomera kuti ngwazi zimenezi ndimazikonda. Ndinakula ndi malaya a Spider-Man a pa kaunjika, ndinaonera X-Men m'kachipinda ka vidiyo kumene womasulira m'Chichewa ankawonjezera zake zoposa za m'filimumo, ndipo nditapeza foni yabwino ndinayamba kuwerenga makomiki enieniwo, akale ndi atsopano omwe. Choncho izi sindikulemba ngati munthu amene wadzera kunja kudzanyoza gule wa eni ake. Ndikulemba ngati munthu amene wakhala akuvina nawo, ndiye tsiku lina wamvetsetsa mawu a nyimboyo.

Zakale kwambiri sizifuna mkangano, ndipo sinditayapo nthawi. M'zaka za m'ma 1940 munali Ebony White wa Will Eisner mu The Spirit, ndi Whitewash Jones mu Young Allies, onse akuda ojambulidwa milomo ikuluikulu, oyankhula Chingerezi chothyoka kuti owerenga aseke. Mu Blackhawk munali Chop-Chop, Mtchaina wamfupi wa mano otuluka, wonyamula chikwanje cha kukhitchini pamene anzake azungu ankayendetsa ndege za nkhondo. Palibe amene amaziikira kumbuyo masiku ano, ndipo makampani eni ake amachita nazo manyazi. Kudzudzula zimenezi n'kosavuta, ngati kumenya njoka yakufa kale.

Zimene zimandivuta ndi zija zinalembedwa ndi mtima wabwino.

Mu 1975 Marvel inatulutsa Giant-Size X-Men, yolembedwa ndi Len Wein, yojambulidwa ndi Dave Cockrum. Gulu lakale la X-Men linali la achinyamata asanu oyera a ku America, ndipo silinkagulidwa kwenikweni. Tsopano Professor X ayendayenda dziko lonse kusonkhanitsa gulu latsopano la mitundu yosiyanasiyana. Pa nthawi imeneyo chinali chinthu cholimba mtima, ndipo sindikuchichepetsa. Koma taonani kumene akuwapeza anthuwo. Wa ku Russia, Colossus, akumupeza pa munda wa boma ku Siberia, chimunthu chachitsulo, chofatsa, chakumudzi, ndipo dzina la makolo ake ndi Rasputin, ngati kuti m'dziko lalikulu lonselo mulibe dzina lina. Wa ku Germany, Nightcrawler, akuthamangitsidwa ndi anthu a m'mudzi onyamula miyuni, monga m'mafilimu akale a zoopsa. Wa ku Ireland ndi Banshee, dzina la mzimu wolira wa m'nthano za kwawoko, zovala zobiriwira. Wa ku Japan ndi Sunfire, wodzikuza, wosachedwa kupsa mtima, chovala chake dzuwa lotuluka, ndipo mphamvu zake gwero lake ndi bomba la Hiroshima. Wa mtundu wa Apache ndi Thunderbird, nthenga kumutu, mkwiyo mumtima, akulimbana ndi njati ya kwawoko ndi manja. Ndiye wathu: Storm, ku Kenya, ali chilili pa guwa, anthu akum'gwadira ngati mulungu wamkazi kuti awagwetsere mvula.

Kenya ya mu 1975 inali ndi yunivesite, nyuzipepala, nyumba ya malamulo, mikangano yandale yoopsa. Ngugi wa Thiong'o anali atalemba kale mabuku angapo. Koma Kenya ya m'komikimo ndi anthu ogwada, odikira mvula, osadziwa kusiyanitsa mtsikana ndi mulungu, mpaka mphunzitsi wa pa njinga ya olumala abwere kuchokera ku America kudzafotokoza chimene mtsikanayo ali.

M'kalasi chinthu chimenechi timachitchula kuti stereotype, ndipo ndinakondwa nditamva kuti liwuli linachokera kwa osindikiza mabuku. Linali dzina la chitsulo choumbidwa kamodzi, chodindira tsamba lomwelomwelo kambirimbiri. Mtolankhani Walter Lippmann ndi amene analitchukitsa m'tanthauzo la lero m'buku lake la 1922. M'Chichewa ndingoti chidindo. Munthu asanatsegule pakamwa, wam'dinda kale: uyu ndi wakuti, ndiye amatere.

Chidindo chinafika poseketsa mu 1982, mu Contest of Champions, pamene Marvel inasonkhanitsa ngwazi za maiko onse kuti zilimbane. Ireland inatumiza Shamrock, mphamvu yake mwayi. Saudi Arabia inatumiza Arabian Knight, wa lupanga lokhota ndi mkeka wouluka. China inatumiza Collective Man, abale asanu olowa m'thupi limodzi, okoka mphamvu kwa khamu la anthu a dziko lawo, chifukwa China ndi chikomyunizimu komanso anthu ndi ambiri. West Germany inatumiza Blitzkrieg, dzina la njira yomenyera nkhondo ya asilikali a Hitler. Ndimayesa kuganiza Mjeremani wa zaka khumi ndi ziwiri akutsegula bukulo n'kupeza kuti dziko lake lonse alifinyira m'liwu limenelo.

Apa ndi pamene ndinayamba kuona chimene chikusowa. Tengani Peter Parker. Amakhala ku Forest Hills, ku Queens, ndi azakhali ake okalamba. Amavutika ndi lendi. Bwana wake wa ku nyuzipepala ndi woumira. Analumidwa ndi kangaude, ndipo kangaudeyo alibe chochita ndi mbiri ya America. Daredevil ndi wa ku Hell's Kitchen, loya wosaona, Mkatolika wovutika ndi chikumbumtima, mwana wa wankhonya. Bruce Banner ndi wasayansi amene mkwiyo wake umam'posa. Palibe mmodzi mwa iwowa amene mphamvu zake ndi kudya mahambega kapena kukwera hatchi atavala chipewa cha khaubhoyi. Ngwazi ya ku America ili ndi keyala: msewu, sukulu, ngongole, azakhali. Ngwazi ya kwina ili ndi mbendera. Mmodzi ndi munthu amene zinthu zinam'chitikira, winayo ndi dziko limene alisokera zovala.

Wina anena kuti, nanga Captain America? Si uja wavala mbendera thupi lonse? Zoona. Joe Simon ndi Jack Kirby anam'panga dala choncho, ndipo pachikuto cha kope loyamba la mu 1941 akumenya Hitler chibakera. Koma iyeyu ndi mmodzi pakati pa ngwazi mazanamazana za ku America, kotero kuti palibe mwana amene angaganize kuti Amereka onse ali ngati iye. Komanso wapatsidwa zaka zambiri zokangana ndi mbendera yakeyo. Mu 1974, nthawi ya manyazi a Watergate, anavula chovalacho n'kudzitcha Nomad chifukwa chokhumudwa ndi atsogoleri a dziko lake. Shamrock sanapatsidwepo masamba okwanira oti akhumudwe ndi Ireland.

Sindikhulupirira kuti olembawo ankadzuka m'mawa ndi cholinga chonyoza mitundu ya anthu. Ambiri a amene anayambitsa ntchitoyi anali ana a Ayuda osamukira ku America, anthu odziwa bwino kuwawa kwa kudindidwa. Jerry Siegel ndi Joe Shuster, amene anapanga Superman, wotuluka koyamba mu 1938, anali otere. Kirby dzina lake lobadwa nalo linali Jacob Kurtzberg, Stan Lee anali Stanley Lieber. Chimene chinkawakankha ndi ntchito yomwe. Komiki imatuluka mwezi ndi mwezi, masamba ake ndi ochepa, ndipo wojambula ali ndi kabokosi kamodzi kapena tiwiri koti mwana wogula azindikire kuti uyu ndani. Ndiye amagwira chimene chili pafupi, chimene wowerenga ali nacho kale m'mutu: nthenga, mkeka wouluka, mkondo. Kujambula katuni n'kuchotsa zambiri n'kusiya zochepa. Funso langa lili pa zochepazo: ndani amasankha zotsala, ndipo anazidziwira kuti? Munthu amene Africa anaidziwira m'mafilimu a Tarzan akachotsachotsa, chotsala ndi Tarzan.

Ndipo pa Africa chotsala chimakhala nyama nthawi zambiri. B'wana Beast amalamula nyama. Vixen, amene anatuluka mu 1981, amabwereka mphamvu za nyama kudzera mu kachithumwa ka m'khosi. Black Panther dzina lake ndi nyama, ndipo mmodzi wa adani ake oyamba, M'Baku wa mu 1969, anali munthu wakuda wovala chikopa cha nyani wamkulu, wotchedwa Man-Ape. Ku America kulinso Spider-Man ndi Batman, ndikudziwa, koma kumeneko kulinso akatswiri a makina, asilikali, milungu, alendo a kumwamba. Kwathu kuno mndandanda ukangoyamba umalowera ku nkhalango.

Vixen ndiye amandisangalatsa mwapadera chifukwa ndi mnansi wathu, ngati tingatero. Kwawo ndi dziko lopeka lotchedwa Zambesi. Ife Zambezi timaudziwa, ndi kumene Shire amakathira madzi ake, ndipo m'mbali mwake muli Alozi, Atonga, Anyungwe, Asena, aliyense ndi chiyankhulo chake ndi nthano zake. Koma chithumwa cha Vixen chinachokera kwa Anansi, kangaude wa m'nthano za Aakani a ku Ghana, mtunda wa makilomita zikwi zingapo kuchokera ku Zambezi. Zili ngati kulemba za mtsikana wa ku Portugal amene mphamvu zake anapatsidwa ndi mzimu wa ku Finland, n'kunena kuti zonsezo ndi za ku Ulaya basi. Akanafunsa aliyense wa kuno akanawauza za Kalulu.

Maiko opeka alipo ambiri m'makomiki, ndipo si Africa yokha imene imawalandira. Kum'mawa kwa Ulaya anakupatsa Latveria, dziko la nyumba zachifumu zakale ndi anthu amantha olamulidwa ndi Doctor Doom. DC nayo ili ndi Gotham ndi Metropolis. Koma Gotham ili m'dziko lenileni, lokhala ndi pulezidenti, malamulo ndi mbiri imene wowerenga amaidziwa. Ife timalandira Wakanda, Zambesi, Genosha. Ngakhale pamene DC inayesa dziko lenileni mu 2011, ndi Batwing wa ku Democratic Republic of Congo, mzinda wake unali wopeka, Tinasha, ndipo mbiri ya munthuyo inali yoti anali mwana wogwiritsidwa ntchito ya usilikali. Nkhalango inachoka, m'malo mwake munalowa nkhani za pa wailesi za maiko akunja. Chidindo chinasintha, koma chinali chidindobe.

Tsono Wakanda. Apa ndiyenera kuyenda mosamala chifukwa ndikuponda pamtima pa anzanga, ndi panga pomwe. Black Panther anatuluka mu Fantastic Four mu July 1966, miyezi ingapo chipani cha Black Panther chisanakhazikitsidwe ku Oakland, ndipo Lee ndi Kirby anachita chinthu chimene panthawiyo chinali chachilendo: mfumu ya ku Africa yanzeru ndi yolemera kuposa azungu amene abwera kudzaiona, m'dziko limene silinalamulidwepo ndi atsamunda. Filimu ya Ryan Coogler itatuluka mu 2018 ndinali ku sekondale, ndipo tonse tinkapatsana moni wopingasa manja pachifuwa. Ndinamva Chixhosa m'kamwa mwa John Kani ndi Chadwick Boseman, ndinaona mabulangete a Abasotho, mikanda ya m'khosi ya Andebele, ndipo ndinanyada ngati ndi za kwathu. Dzina loti Man-Ape analichotsa, M'Baku anasanduka munthu wanthabwala ndi ulemu wake. Ruth Carter analandira Oscar chifukwa cha zovalazo, ndipo anayenera.

Koma nditaioneranso ndili kuno ku koleji ndinayamba kufunsa mafunso amene sindinkafuna kufunsa. Dziko la sayansi yoposa maiko onse limasankha mtsogoleri pomenyana pa mathithi? Chiyankhulo cha kummwera, zovala za kumapiri a Lesotho, mbale za pamlomo za ku Ethiopia, zonse m'dziko limodzi laling'ono: kodi izi zikusiyana bwanji ndi Anansi wa ku Zambesi? Yankho limene ndili nalo ndi lakuti zikusiyana pa chikondi ndi pa khama, chifukwa anthu amene anapanga filimuyi anafufuza, ndipo ankalota Africa imene makolo awo analandidwa. Loto limenelo ndi la Aafirika a ku America, ndipo ali ndi ufulu wolilota. Ife tinangoitanidwa ku phwando lake, n'kuvina kwambiri mwina kuposa eni ake. Sindikunong'oneza bondo kuti ndinavina. Kungoti Wakanda nayonso ilibe keyala imene ndingaizindikire. Mulibe munthu wodikira minibasi kuti idzaze.

Chimene chinapulumutsa ena mwa anthu amenewa si kusintha zovala koma nthawi. Chris Claremont analemba X-Men kuyambira 1975 mpaka 1991, ndipo m'zaka zimenezo Storm anasiya kukhala mulungu wa mvula n'kukhala munthu. Tinadziwa kuti bambo ake anali wojambula zithunzi wa ku America, kuti makolo ake anafera ku Cairo nyumba itawagwera, kuti iye anakwiririka m'zigumukirezo ndipo kuyambira pamenepo amaopa malo opanikiza, kuti anakula akuba m'matumba a anthu m'misewu. Mu 1983 anameta tsitsi n'kusiya mzere pakati, kuvala zikopa zakuda, anzake n'kudabwa. Kenako anataya mphamvu zake, komabe anagonjetsa Cyclops n'kutsogolera gulu wopanda mphamvuzo. Nightcrawler, wa nkhope ngati chiwanda, anapezeka kuti ndi Mkatolika wopemphera, wokonda mafilimu akale a malupanga. Palibe chimodzi mwa izi chimene mukanachilosera poyang'ana mbendera. Thunderbird yekha sanapatsidwe mwayi umenewu. Anafa pa ulendo wachiwiri wa gululo, chaka chomwecho cha 1975, akadali nthenga ndi mkwiyo.

Ngakhale bwana wathu uja anam'konza. Mu 1989 Grant Morrison, mlembi wa ku Scotland, analemba nkhani mu Animal Man mmene chisoti chija chinapita kwa Dominic Mndawe, wakuda wa ku South Africa wolimbana ndi tsankho la apartheid, ndipo iye anakana dzina lakalelo n'kudzitcha Freedom Beast. Zinali bwino ndithu. Koma sanam'patse masamba ambiri, ndipo patapita zaka makumi awiri anam'pha m'nkhani ya anthu ena kuti ngwazi zina zikwiye.

Mpaka apa nkhaniyi ikanakhala yokoma kulemba, ine wolungama, iwo olakwa. Koma pali chimene chinachitika chimene chinandichititsa kuilemba.

Mnzanga wojambula uja, titatha kuseka B'wana Beast, anati, "Ndiye tipange athu, aise. Iwe ulemba, ine ndijambula." Mayeso atatha tinakhala pansi pa mtengo ndi kope, tili anayi. Ngwazi yathu yoyamba inatuluka m'mphindi khumi. Chovala chakuda, chofiira ndi chobiriwira, dzuwa lotuluka pachifuwa. Mphamvu zake anazipeza pa nyanja, ayi, pa Sapitwa, kwa mizimu ya m'phiri la Mulanje. Chigoba cha kumaso chonga cha gule wamkulu. Wina anati akhale woyankhula ndi chambo. Tinaseka, koma tinalemba. Kenako tinati munthu mmodzi sakwana, pakhale gulu, mtundu uliwonse ukhale ndi wake kuti wina asadandaule. Ndipo zinangotuluka zokha, osaganiza n'komwe. Mngoni, chishango ndi chibonga, mphamvu zimabwera akamwa mowa ndi kudya nyama. Mtumbuka, magalasi, ndiye ubongo wa gulu, woyankhula Chingerezi chambiri. Mlomwe, thumba la mizu. Mchewa, gule. Myao, wamalonda, wodziwa njira zonse za katundu.

Mtsikana amene tinali naye, Myao wa ku Mangochi amene amaphunzira masamu ndipo amatiposa tonse m'kalasi, anali chete nthawi yonseyi. Kenako anafunsa mofatsa kuti, "Ndiye ineyo m'gulumo ndizigulitsa chiyani, achimwene?"

Anyani amasekana zikundu. Tinali titapanga Contest of Champions yathuyathu pasanathe ola limodzi, ndipo ife tinalibe chowiringula cha Len Wein. Iye Kenya sanali kuidziwa. Ife Myao tinali naye pomwepo, akutibwereka cholembera.

Mnzanga wojambulayo anayesa kudziteteza, ndipo mfundo yake si yopusa. Anati nthabwala zimenezi timanena tsiku ndi tsiku, Angoni eni ake amanyadira za nyama ndi mowa, ndiye cholakwika n'chiyani kuzijambula? Ndakhala ndikuiganizira. Nthabwala ya pa bawo kapena ya m'hositelo ili ndi mwini wake pomwepo, amene angabweze, ndipo nthawi zambiri amabweza mopweteka kuposa. Onse awiri amadziwa kuti munthu ali patsogolo pawoyo ndi wamkulu kuposa nthabwalayo. Ikalowa m'buku imatsala yokha. Mwana wa ku Nsanje amene sanakhalepo ndi Mtumbuka adzakumana ndi wa magalasi uja poyamba, munthu weniweni pambuyo. Ndipo m'dziko lino tikudziwa kumene zidindo zimenezi zimafika zikakula. Amene anatsatira mkangano wa kota posankha ophunzira opita ku yunivesite akukumbukira kuti mawu oti akumpoto ndi asukulu sanathere pa nthabwala. Nthawi ya chisankho ikafika, zomwe timaseka pa bawo zija zimamera mano.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti ngwazi yathu yoyamba ija, ya dzuwa pachifuwa, sitinaipangire ife. Tinaipangira mlendo. Nyanja, phiri, gule, chambo: ndi zomwe zimakhala pa kalendala ya zokopa alendo. Palibe mmodzi mwa anayife amene moyo wake wa tsiku ndi tsiku umakhudza Sapitwa. Moyo wathu ndi ndalama ya ngongole ya sukulu imene yachedwa, magetsi ozima usiku wa mayeso, bandulo yotha pakati pa kutumiza ntchito, amalume amene akufuna kudziwa kuti digiri ya mbiri yakale idzadyetsa ndani. Tinadziyang'ana ndi maso a munthu wa pa desiki ku New York uja, n'kudzijambula momwe iye akanatijambulira, kungowonjezera kunyada.

Pali amene anapeza njira ina, ndipo tinayamba kuwawerenga mosamala. Kamala Khan, Ms. Marvel wa mu 2014, amene anapangidwa ndi G. Willow Wilson, mkonzi Sana Amanat ndi wojambula Adrian Alphona pamodzi ndi anzawo, ndi Msilamu wa makolo ochokera ku Pakistan, koma mphamvu zake n'zotalikitsa ndi kukulitsa ziwalo, zopanda mkeka wouluka. Amakhala ku Jersey City, amakangana ndi makolo ake za nthawi yobwerera kunyumba, amalemba nthano za ngwazi pa intaneti. Chisilamu chake chili m'nkhanimo monga momwe Chikatolika chilili mwa Daredevil: chimam'vutitsa, chimam'limbitsa, koma si chovala. Ku South Africa Loyiso Mkize anapanga Kwezi, mnyamata wa m'tauni wodzimva, wokonda kutchuka pa foni, amene sakufuna n'komwe udindo umene akulu akum'patsa. Pafupi pomwepa, Malenga Mulendema wa ku Zambia anapanga Supa Team 4, atsikana anayi a sukulu mu Lusaka wa m'tsogolo, imene inatuluka pa Netflix mu 2023. Ndi Lusaka, dzina lake lenileni, osati dziko lopeka lotchedwa dzina la mtsinje.

Kope lija tinang'amba masamba ake oyamba. Amene tili naye tsopano ndi mtsikana wa Fomu 3 wa ku Bangwe, wokhala ndi mayi ake aang'ono ogulitsa zitumbuwa, amene anazindikira kuti amamva chilichonse chonenedwa pa mtunda wa kilomita imodzi, ndipo zambiri mwa zimene amamva sakanafuna kuzimva. Wamasamu uja ndi amene anabweretsa ganizoli, ndipo tsopano ndi amene amalemba zokambirana chifukwa zanga akuti zimamveka ngati ulaliki. Mtundu wa mtsikanayo sitinausankhebe. Ine ndimati tiusiye, bambo ake akhale wakuti, mayi ake wakuti, monga ana ambiri a m'tauni alili. Wamasamu amati kuusiya n'kuthawa, chifukwa munthu amakhala ndi kwawo, ndi agogo oyankhula chiyankhulo china pa foni, ndipo kubisa zimenezo n'kunamanso kwa mtundu wina. Ndikuganiza kuti akunena zoona, koma sindinam'vomere pamaso.

Wojambula wathu wakakamira pa chovala. Sabata yatha anabwera ndi zithunzi zitatu. Choyamba mtsikanayo wavala juzi ya sukulu ndi chipewa chobisa makutu. Chachiwiri wamanga chitenje m'chiuno, ndipo chikuoneka bwino kwambiri, chokoka maso, chija munthu wa ku London angachizindikire msanga n'kunena kuti uyu ndi wa ku Africa. Chachitatu wavala malaya a Spider-Man a pa kaunjika, aakulu kuposa thupi lake, kangaude wa pachifuwa atasuluka ndi kuchapa. Tinakangana mpaka woyang'anira laibulale anatitulutsa, ndipo tagwirizana kukumananso Lachisanu.